Kodi Cithunzi ca Eli Ciyenera Ana Osinkhuka?

Masiku akale baisikopo inali cinthu ca m'tauni ndi ca ku migodi. Kumidzi inafika kamodzi-kamodzi ndi galimoto la Boma, ndipo ikafika, mfumu, nduna, amai ndi ana anakhala pansi pamodzi pabwalo, naona cinthu cimodzi, naseka nthawi imodzi. Lero siziri tero. Cithunzi cathunthu ca maora awiri cikwana m'telefoni ya m'manja, ndipo mnyamata wonyamuka ku Lusaka m'mawa angafike naco madzulo ku Boma la Luangwa, kumene akulu-akulu akali kuchula ndi dzina lakale la Feira, nacigawira anzace asanasambe n'komwe pfumbi la pa ulendo. Ana aciona okha, kuseri kwa nyumba kapena m'tinyumba ta vidiyo, ndipo atate wao amene ali pa nchito ku Kitwe kapena ku Solwezi sadziwa kanthu kufikira tsiku limene mwana ayamba kuchula maina acilendo.

Cimodzi ca zithunzi zimene zibvuta makolo poziweruza ndico cochedwa The Book of Eli, ndiko kunena Buku la Eli. Cinapangidwa ku America, nicionetsedwa koyamba m'mwezi wa January, 2010. Anacitsogolera ndi abale awiri amapasa, Albert ndi Allen Hughes, ndipo amene asewera ngati Eli ndiye Denzel Washington, munthu wakuda wochuka, mwana wa mlaliki, amene sabisa kuti iye mwini ndi Mkristu. Bvuto lace ndi ili: buku limene Eli anyamula m'thumba ndi Baibulo, cida cimene anyamula kumsana ndi cikwanje cacitali cakuthwa, ndipo zonse ziwiri azigwiritsa nchito. Kholo lina likamva kuti m'cithunzimo muli Baibulo ndi mapemphero liyesa kuti mwana wapeza Sande Sukulu. Lina likaona dzanja la munthu liri kugwa pansi lodulidwa, lizimitsa pomwepo ndi kunena kuti ndi nchito ya Satana. Kuti munthu aweruze bwino ayenera kuyamba wamva nkhani yonse.

Nkhaniyo iyamba patapita zaka 30 cicitikire nkhondo yaikulu ya mabomba a atomu. Bomba limodzi lokha la mtundu umenewu linapsereza mzinda wa Hiroshima ku Japan m'mwezi wa August, 1945. Tsono opanga cithunzi ayerekeza dziko limene mabomba otere anagwa ponse-ponse. Mitengo yauma, mizinda yasanduka mabwinja, ndipo dzuwa liocha maso kotero kuti anthu ayenda ndi magalasi akuda. Ndalama ziribenso nchito. Anthu asinthana zinthu, ndipo cuma coposa zonse ndi madzi. Boma kulibe, apolisi kulibe, bwalo la milandu kulibe. Ana obadwa nkhondo itatha sadziwa kuwerenga, ndipo Mabaibulo anatenthedwa, pakuti ena mwa opulumuka anati bukulo ndilo linautsa nkhondo. Latsala limodzi lokha, ndipo liri ndi Eli, amene akhulupirira kuti anamva mau omuuza kuti alitengere kumadzulo. Wayenda pansi zaka zonsezo.

Panjira afika pa mudzi wolamulidwa ndi munthu wochedwa Carnegie, amene aseweredwa ndi Gary Oldman. Uyu ndi mmodzi wa okalamba owerengeka odziwa kuwerenga, ndipo pamene aoneka koyamba ali kuwerenga mbiri ya Mussolini, wolamulira wankhanza uja wa ku Italy. Carnegie wagwira anthu pakhosi cifukwa adziwa kumene kuli akasupe, koma madzi okha samkwanira. Atuma acifwamba ace kukafuna Baibulo konse-konse, si cifukwa afuna kupemphera ai, koma cifukwa akumbuka kuti anthu osauka ndi otaya mtima atsata ali yense wolankhula ndi mau a m'bukulo. Kwa iye Baibulo ndi cida colamulira naco anthu, coposa mfuti. Eli akana kulipereka.

Popeza nkhani ino ndi ya makolo, sikulakwa kuulula mathero ace. Carnegie alasa Eli ndi mfuti pamimba, nalanda buku. Koma pamene loko wace watsegulidwa, apeza kuti masamba onse ali ndi timadontho totukuka, zilembo za Braille zimene akhungu awerenga ndi zala, monga aphunzitsira pa sukulu ya akhungu ya ku Magwero pafupi ndi Chipata. Pamenepo woona cithunzi azindikira kuti Eli mwiniyo ndi wakhungu, ndi kuti bukulo analiloweza lonse pamtima. Ndi bala lace lomwelo ayendabe, pamodzi ndi mtsikana wochedwa Solara, naolokera pa cisumbu ca Alcatraz pafupi ndi San Francisco, cimene cinali ndende yochuka kufikira 1963. Kumeneko kuli anthu osonkhanitsa mabuku, ndipo ali ndi makina osindikizira. Eli agona pansi nayamba kunena mau a Baibulo kuyambira pa Genesis, wina ali kulemba, ndipo atatsiriza amwalira. Baibulo latsopano liikidwa pa thabwa la mabuku pakati pa buku lopatulika la Ayuda ndi Korani ya Asilamu. Pa cinthu cimodzi opanga cithunzi anakometsera monga acitira osimba nthano, pakuti Baibulo leni-leni la Braille ndi mabuku akulu-akulu oposa khumi, amene munthu mmodzi sangawasenze m'thumba.

Munthu akamva nkhaniyi posimbidwa motere angati, "Nanga coipa nciani?" Coipa ciri m'zimene maso aona pakati pa ciyambi ndi mathero. Cithunzi cisanapite patali Eli adula dzanja la mkulu wa acifwamba, napha anzace onse m'kamphindi. M'nyumba yomweramo mowa apha enanso ambiri, atayamba wachula ndime ya m'buku la Genesis. Pali nkhalamba ziwiri, mwamuna ndi mkazi wace, zimene zilandira alendo ndi tiyi ndi ulemu wonse, koma kuseri kwa nyumba yao kuli manda a alendo amene zinadya. Palinso mau otukwana a Cingerezi, amene mwana awagwira msanga koposa ndime za Baibulo. Koma zolemera koposa ndizo zocitikira akazi. Acifwamba apha mwamuna pamseu ndi kugwira mkazi wace, Eli ali kupenya pobisala, nadziuza yekha kuti si mlandu wace. Carnegie atuma Solara kucipinda ca Eli usiku kuti akamnyengerere ndi thupi lace, ndipo mtsikanayo apita cifukwa aopa kuti amai ace adzazunzidwa akakana. Pambuyo pace iyenso agwidwa ndi acifwamba, napulumutsidwa ndi Eli.

Ndico cifukwa cace ku America anacipatsa cizindikiro ca R, kutanthauza kuti mwana wosafika zaka 17 salowa m'nyumba ya baisikopo popanda kholo kapena munthu wamkulu womyang'anira. Ku Britain anacipatsa nambala 15, ndipo wosafika zaka zimenezo saloledwa konse, ngakhale atate wace amgwire padzanja. Zizindikiro izi zaikidwa ndi anthu a m'maiko amenewo, anthu ozolowera kuona mfuti m'baisikopo, ndipo ngati iwo aona kuti mwana wa zaka 12 sayenera, kholo la kuno liribe cifukwa ca kuganiza kuti mwana wace ndi wolimba mtima koposa. Koma pakhomo pa baisikopo pali munthu wofunsa zaka, pamene telefoni siifunsa kanthu.

Anthu a ku migodi adziwa kuti mkangano uwu si watsopano. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 baisikopo inaonetsedwa pabwalo m'makomboni, ndipo anthu anasonkhana unyinji kudzaona zithunzi za makaubo a ku America. Ngwazi ya m'cithunzi ciri conse anaichula Jeke, ndipo anyamata anayenda m'miseu ya Luanshya ndi Nkana ndi zipewa zazikulu ndi mfuti zosema. Amishoni, Boma ndi akulu ena a Ciafrika anaopa kuti ana aphunzira umbanda. Boma la atsamunda linali ndi bungwe loyesa zithunzi zoonetsa kwa Aafrika okha, ndipo linadula mbali zimene linaziyesa zosayenera, kotero kuti nthawi zina nkhani inatsala yopanda mutu. Cimene cinapweteka anthu ndi cakuti mphunzitsi kapena kalaliki wa ndebvu zace analetsedwa kuona cithunzi cimene Mzungu ali yense anaciona. Lamulo limenelo linali loipa, pakuti linayesa akulu ngati ana. Koma kucotsedwa kwace sikunasandutse ana kukhala akulu, ndipo makolo ena aiwala zimenezi.

Pali cinthu cinanso ca m'masiku amenewo cimene ciri ndi nchito lero. Mai wina wophunzira wa ku America, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya m'zaka za 1953 ndi 1954, nalemba buku lochedwa Copper Town, limene linaturuka mu 1962. Iye anakhala pakati pa anthu m'baisikopo ya m'komboni, naona kuti ambiri sanatsate Cingerezi ca m'zithunzi, koma anakondwera ndi nkhonya ndi akavalo, napfuula polimbikitsa Jeke, namasulira nkhani monga anaganizira okha. Apa ndipo pagona mlandu wonse wa cithunzi ca Eli. Zabwino zace zonse ziri m'mau: cifukwa cimene Carnegie afunira buku, cimene Eli akhulupirira, ndi kulapa kwace. Mau amenewo ndi a Cingerezi ca ku America, onenedwa motsitsa ndi mofulumira, ndipo mwana wa Giredi 7 ku Feira sawamva onse. Koma cikwanje sicifuna womasulira. Mwana woona yekha aturuka ndi Jeke watsopano, amene asiyana ndi wakale pa cinthu cimodzi, kuti uyu apemphera asanaphe.

Cimeneci si cinthu cacing'ono kwa makolo Acikristu. M'cithunzimo zipolopolo zimphonya Eli ngati kuti pali dzanja lomchinjiriza, ndipo kumenyana kwace kwakonzedwa mokongola ngati gule. Mnyamata wa zaka 13 angathe kuphunzirapo kuti Mulungu ali kumbali ya wodziwa ndeu. Kunena zoona, cithunzico cidzitsutsa cokha pa mfundo iyi, pakuti kumapeto Eli aulula kwa Solara kuti anatanganidwa ndi kusunga buku kufikira anaiwala kucita zimene bukulo liphunzitsa, ndiko kuthandiza ena. Woona wocenjera akumbukira pomwepo mkazi uja wa pamseu. Koma mau amenewa adza mocedwa, ndipo atenga kamphindi cabe, pamene mwazi watenga nthawi yaitali.

Komabe sikuyenera kunena kuti cithunzici ncacabe, makamaka kwa mwana wa ku Feira, pakuti dziko la kwao linaona zinthu zofanana ndi zimene a ku America angoyerekeza. Dzina lakuti Feira ndi la Cipwitikizi, ndipo litanthauza msika. Apwitikizi anakhala pamenepo ndi ku Zumbo, tsidya lija la Luangwa, m'zaka za m'ma 1700, akugula minyanga, golide ndi akapolo, ndipo anali ndi ansembe ao. Koma m'zaka za m'ma 1830 anacokapo, nyumba zao nizigwa. Pamene David Livingstone anafika pa mathiriro a Luangwa ndi Zambezi m'mwezi wa January, 1856, anapeza mabwinja a chalichi ca miyala, ndi belu losweka liri pansi, lokhala ndi mtanda ndi zilembo I.H.S. Usiku umenewo anabvutika mtima, pakuti anaganiza kuti anthu a Mfumu Mburuma adzamthira nkhondo pooloka. Ndipo anthuwo anali naco cifukwa ca kukaikira alendo, popeza ogwira akapolo anawasautsa kale. Iye anawerenga mutu wotsiriza wa Mateyu, naleka maganizo a kuoloka mobisa usiku. M'mawa, anthu a mikondo atamzinga, anaima pagombe ndi kuwaonetsa wochi yace ndi galasi loyatsira moto ndi dzuwa, pamene bwato linali kuolotsa katundu ndi anthu ace, ndipo iye anaoloka potsiriza. Mfuti inalipo koma siinalire. Uyunso anali mlendo woyenda pansi ndi Baibulo pakati pa mabwinja, ndipo mwana amene waona Eli ayenera kumva za iye, kuti adziwe kuti pali njira ina.

A Carnegie naonso dzikolo linawaona. Apwitikizi atabwerera ku Zumbo m'zaka za m'ma 1860, kunabuka amuna amphamvu monga Kanyemba, amene dzina lace likali pa malo a tsidya lija la Zambezi m'dziko la Zimbabwe, ndi Matakenya. Iwo anamanga malinga, nakhala ndi ankhondo ambiri a mfuti, nagulitsa minyanga ndi akapolo, pakuti Boma linali kutali ndipo mwini mfuti ndiye anali lamulo. Onse awiri anali ndi dzina la Cikristu lakuti José, koma dzinalo silinacotse goli pakhosi pa munthu. Pambuyo pace, mu 1910, ansembe Acijezuiti anapitikitsidwa ku Mozambique, nacoka pa mishoni yao ya Miruru, naoloka Luangwa, ndipo mwa iwo munacokera mishoni ya Katondwe, imene cipatala cace cathandiza anthu a cigwa conseco. Motero funso limene cithunzi cifunsa, lakuti buku liri m'manja mwa yani ndipo afuna kucita nalo ciani, ku Feira si nthano. Ndipo m'matauni momwe, kumene kwacuruka aneneri ogulitsa madzi ndi mafuta m'timabotolo kwa odwala ndi osowa nchito, mnyamata wozindikira Carnegie wapindula kanthu.

Za mfuti, akulu a ku Luangwa safuna baisikopo kuti iwaphunzitse. M'mwezi wa March, 1978, asilikari a Rhodesia anadza ndi ndege kudzathira nkhondo msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe ku Kavalamanja, m'boma lomweli. Anthu anafa, pamodzi ndi asilikari a Zambia, ndipo a m'midzi anathawa kusiya minda ndi nkhokwe. Amene anali ana nthawi imeneyo lero ali ndi adzukulu. Iwo adziwa kuti munthu wolasidwa pamimba sanyamuka ndi kupalasa bwato, ndi kuti pambuyo pa kulira kwa mfuti kudza maliro, njala ndi ana amasiye, zimene opanga zithunzi sakonda kuonetsa.

Nanga kholo licite ciani? Kwa mwana wosafika zaka 15 yankho ndi lapafupi: asaone. Sadzamva phunziro lace, koma adzasunga zoopsa zace, ndipo mwana amene anaonapo kale ndeu ya m'nyumba kapena imfa yoipa adzabvutika nazo usiku koposa anzace. Kuti m'cithunzimo muli Baibulo sikusintha kanthu. M'Baibulo momwemo muli mitu, monga ya kumapeto kwa buku la Oweruza, imene mphunzitsi wanzeru saiwerengera tiana ta Sande Sukulu.

Kwa a zaka 16 ndi 17 nkhani ndi ina. Awa ali pafupi ndi ukulu, ena a iwo ayenda kale okha ndi nsomba zouma kupita ku Lusaka, ndipo kuwaletsa ndi mau okha ndiko kuwatumiza kukaona mobisa kwa mnzao. Kuli bwino aone, koma munthu wamkulu ali pambali, amene waciona kale yekha, wakumva Cingerezi, ndi wodziwa Baibulo. Apa pali cobvuta ca mwambo cimene olemba a ku Ulaya saciganizira. Kwa Ansenga, Acikunda ndi Acewa, atate sakhala pamphasa imodzi ndi mwana wao wamkazi wosinkhuka kupenya mkazi ali kubvulidwa. Onse awiri adzaweramitsa mitu, ndipo palibe adzalankhula. Nchito yotere makolo akale anaipereka kwa ena: mnyamata kwa amalume ace, mtsikana kwa ambuya kapena azakhali, amene angathe kuseka naye ndi kumfunsa zobisika popanda manyazi. Mwamuna amene ali ku migodi, ana ace ali kumudzi, sangathe kuona za m'telefoni ya mwana, koma angathe kuuza mlamu wace dzina la cithunzici ndi kumpempha kuti akhale naye mwanayo.

Ndipo wamkuluyo asalalikire. Cikatha cithunzi angomuuza mwana kuti, "Tandisimbira, mphwanga, waona zotani?" Ngati mwana ayamba ndi dzanja lodulidwa, natsanzira kabvinidwe ka cikwanje, koma sangathe kunena cimene Carnegie anafunira buku, ndiye kuti anali wamng'ono, ndipo wamkuluyo ali ndi nchito yomasulira. Ngati anena za madzi, za buku, ndi za khungu la Eli, pamenepo angamfunse zolimba. Kodi Eli anacita bwino kubisala pamene mkazi uja anali kulira? Ngati anaturuka nafa, buku nilitayika, cikadakhala colakwa? Kodi munthu amene Mulungu amtuma aloledwa kupha onse oima panjira pace, nanga adziwa bwanji kuti ndi Mulungu amene wamtuma? Funso lotsirizali ndi lolemera, pakuti m'mbiri ya dziko lapansi ambiri anapha anzao ali kunena kuti amva mau, ndipo cithunzico sicifunsa funsoli konse; cingoonetsa kuti Eli ananena zoona.

Palinso funso la mathero, limene liyenera makamaka atsikana. Solara anaphunzira kupemphera kwa Eli, pamene anamgwira manja asanadye, ndipo m'mawa mwace anaphunzitsa amai ace pemphero lomwelo. Eli atamwalira, anthu a pa cisumbu ampempha kuti akhale nao pamtendere pakati pa mabuku, koma iye akana. Cithunzi citha mtsikanayo ali kuyenda yekha pamseu kubwerera kwao, atabvala magalasi akuda, cikwanje ca Eli ciri kumsana kwace, ndipo Baibulo latsala pa thabwa la mabuku ku Alcatraz.